Kutulutsa doko m'nyanja ayezi asanagwire, ndi kulibwezeramo ayezi akasungunuka

Chaka chilichonse ikafika Epulo kuno ku Minnesota, ku America, mumaona zomwezomwezo m'mphepete mwa nyanja, miyendo ya doko yopindika ngati nthochi, mabawuti asowa, zigawo za doko zaunjikidwa mulu umodzi ndipo palibe akudziwa kuti chiti chimatsatana ndi chiti, nde anthu atatu ali m'madzi ozizira mpaka m'chiuno akungokangana. Abale athu amene apeza ganyu ya madoko, kapena abwana awo ali ndi kanyumba ka kunyanja n'kuwauza kuti mukatulutse doko, amagwa pa zinthu zomwezi. Ndikati doko pano ndikunena kamlatho kaja kolowa m'nyanja komwe amamangirirapo maboti, osati dooko la mchenga la asodzi ngati kwathu.

Kwathu kunyanja timaopa mwera, kuno mdani ndi ayezi. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, komanso ayezi wa panyanja sakhala phee, kukazizira kwambiri amang'aluka, madzi amalowa m'ming'alumo n'kuundana, kukafundako amatambasuka n'kukankhira kumtunda, ndipo amasuntha olo miyala ikuluikulu. Paipi yanu ya aluminiyamu sangaimvere chisoni. Ntchito ya mu Epulo imaphweka kapena kuvuta malinga ndi zomwe munachita mu Okutobala, nde tiyambire pomwepo.

Zofunika kukonzeratu

- Anthu, osachepera awiri, atatu ndi bwino. Iyi si ntchito ya munthu mmodzi
- Ma waders, magambuti aja ofika pachifuwa, pamodzi ndi lamba wake
- Laifu jaketi ya aliyense wolowa m'madzi
- Magolovesi a labala okhuthala
- Masipanala ndi masoketi, paipi renchi yaikulu, hamala ya labala
- Mafuta opopera omasula dzimbiri, ndi girisi ya anti-seize yopaka mabawuti
- Maka ya penti yosafufutika, tepi yoyezera, levulo
- Zingwe zolimba, ndi kachingwe kakang'ono komangira sipanala kudzanja
- Ndowa yokhala ndi chivundikiro ndi timapepala ta pulasitiki toikamo mabawuti
- Burashi yolimba ndi chopalira
- Zidutswa za matabwa kapena mabuloko oti mudzakhazikepo doko kumtunda
- Timitengo tonyezimira toika chizindikiro
- Zovala zouma, thawulo ndi fulasiki ya tiyi, zikhale m'galimoto pafupi

Kaye za madzi ozizira

Izi musadumphe. Pulofesa Gordon Giesbrecht wa ku University of Manitoba ndi amene anatchukitsa kalamulo ka 1-10-1. Mukagwera m'madzi ozizira mphindi 1 yoyamba mumabanika, mpweya umangodzikoka wokha ndipo ngati mutu uli pansi mumameza madzi, ndiye ntchito yanu pamenepo ndi kugwira mtima basi mpaka kupuma kubwerere. Kenako muli ndi mphindi pafupifupi 10 zomwe manja ndi miyendo zikumverani, zikatha zala sizigwiranso chingwe. Ola 1 ndi lomwe munthu angakhale asanakomoke ndi kuzizira, koma kuti olalo likwane pamafunika laifu jaketi. Ambiri a ife tinaphunzira kusambira m'madzi ofunda ndipo timadzidalira, koma kuno kudziwa kusambira sikupulumutsa. Lamba wa ma waders mumange ndithu, chifukwa mukaterereka opanda lamba madzi amadzaza mpaka kumapazi ndipo kukwera pa doko kapena kutuluka kumtunda kumakhala kovuta zedi.

GAWO LOYAMBA: KUTULUTSA DOKO

1. Sankhani tsiku msanga

Ambiri amatulutsa kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka mu Okutobala. Nyanja zing'onozing'ono zimayamba kugwira ayezi mu Novembala, nde amene amadikira mpaka pamenepo amagwira ntchito akuswa ayezi ndi mawondo. Onani zanyengo, sankhani m'mawa wopanda mphepo. Mafunde ang'onoang'ono omwe amakwanira kukulandani chigawo cha doko m'manja.

2. Jambulani, yezani, lembani, musanamasule bawuti olo imodzi

Apa ndi pomwe anthu amathamangira ndipo ndi pomwe ine ndimataya nthawi yambiri mwadala. Imani kumtunda mujambule doko lonse ndi foni, mujambulenso muli kumapeto kwa doko mukuyang'ana kumtunda kuti mtengo kapena ngodya ya nyumba yomwe doko limalunjika ioneke. Kenako tengani maka ya penti mulembe manambala pa chigawo chilichonse kuyambira kumtunda, 1, 2, 3 mpaka kumapeto, ndipo pa chilichonse mujambule kamuvi kosonyeza mbali yoloza kunyanja. Miyendo nayonso ilembedwe, 3 kumanja, 3 kumanzere, chifukwa pansi pa nyanja si pofanana, mwendo wa kumapeto ndi wautali kuposa wa kugombe ndipo olo miyendo iwiri ya chigawo chimodzi imatha kusiyana. Pa mwendo uliwonse lembani kamzere pomwe bulaketi yagwira. Yezaninso kuchokera pamwamba pa madzi kufika pa matabwa, ndi kuchokera pa doko kufika pa lifiti ya boti, chitsulo chija chokwezera boti pamwamba pa madzi, mulembe mu foni. Khomani kachikhomo kumtunda pomwe chigawo choyamba chimayambira.

Chenjezo: musalembe ndi choko kapena maka wamba. Miyezi isanu ya sinowo ndi dzuwa imafufuta zonse. Lembani mkati mwa felemu momwe simufika dzuwa.

3. Magetsi ndi madzi

Ngati doko lili ndi magetsi thimitsani ku bokosi lalikulu la kunyumba, osati pa switchi ya pa doko pokha, ndipo muyese ndi tesitala kuti atheradi musanalowe m'madzi. Magetsi akamadontha m'madzi a m'nyanja saoneka, amangoumitsa thupi munthu n'kumira ali chete. Chotsani nyali, mawaya ndi batire ya lifiti, batireyo ikasungidwe m'nyumba itatchajidwa.

Paipi ya madzi yopita ku doko kapena pampu yokoka madzi m'nyanja ikhuthuleni yonse, ngati pali kompuresa uzirani mpweya kuti musatsale dontho. Mukafuna kuthira mankhwala oletsa kuundana mu pampu gwiritsani a pinki aja a mapaipi a madzi a mu RV, magalimoto aja okhala ngati nyumba, a injini ya galimoto ndi poizoni, ndipo olo a pinkiwo asatayikire m'nyanja.

4. Boti lituluke, kenako zokongoletsa

Boti liyambe kupita pa ngolo yake, doko likadalipo kuti muziyendapo. Chotsani pulagi ya pansi madzi atuluke, injini muiimike choongoka kuti madzi otsalira akhe. Mukatero chotsani benchi, makwerero osambirira, mabampa, mbendera ndi zingwe zonse. Lona ya pamwamba pa lifiti muichotse, muitsuke, iume bwinobwino musanaipinde, apo ayi mu Epulo mudzaipeza yachita nkhungu. Muisunge poti mbewa sizifika.

5. Lifiti ya boti

Ichi ndi chinthu cholemera kuposa zonse ndipo miyendo yake imakhala itamira m'matope chilimwe chonse. Musaikoke ndi galimoto ikadali yomira, mupinda felemu. Igwedezeni mbali ndi mbali kaye kuti matope aisiye, ndipo ngati ili ndi matayala ake kapena muli ndi zoyandamitsa gwiritsani zimenezo. Zala zisayandikire waya wa winchi, komanso musasiye gudumu la winchi likuzungulira lokha.

6. Phwasulani kuchokera kunyanja kubwerera kumtunda

Yambani ndi chigawo chakumapeto kwenikweni. Ngati matabwa a pamwamba amachotseka chotsani amenewo kaye, felemu imapepuka kwambiri ndipo wina atha kumawanyamula kupita nawo kumtunda akuyenda pa doko lotsalalo. Poperani mafuta pa mabawuti mudikire pang'ono. Mmodzi agwire chigawo, wina amasule, ndipo muziuzana musanachotse bawuti yomaliza.

Sipanala imangidwe kachingwe kudzanja. Bawuti iliyonse ikatuluka ipite m'kapepala ka nambala ya chigawo chake, kapepalako m'ndowa, osati m'thumba la malaya kapena pa thabwa pomwe ingagubuduke. Paipi yokakamira m'matope musaikoke ndi msana, igwireni ndi paipi renchi muzipotoza uku mukukweza pang'onopang'ono.

Mukamaliza werengani miyendo. Chaka china ine ndi anzanga tinatulutsa doko lalitali kukuda kale, manja atachita dzanzi, ndipo paipi imodzi inatsala pansi pa madzi osaiona. Mu Epulo tinaipeza ayezi ataipinda itagona chopendeka, nsonga yake ili pang'ono pansi pa madzi pomwe ana a pakhomopo amadumphira posambira. Tinaiona ife ana asanabwere, koma mpaka lero ndikaganiza zimenezo mtima umagunda. Kuyambira pamenepo sindichoka panyanja nambala ya miyendo isanafanane ndi ya pa chithunzi.

Doko la matayala ndi losavuta, mumangolimasula kumtunda n'kulikoka ndi winchi kapena kagalimoto, koma pang'onopang'ono ndipo pasakhale munthu pakati pa doko ndi chokokacho, kapena pafupi ndi chingwe chokungika. Matayala ena amalowa madzi, akhuthuleni.

7. Doko loyandama

Limeneli anthu amati limatha kugonera m'madzi, ndipo ndi zoona pokhapokha ngati lili pa kagombe kobisika komwe mphepo siikankha ayezi. Mukalisiya, masulani kamlatho kolilumikiza kumtunda mukatulutse, chotsani mapaipi onse olizika pansi, matcheni a nangula muwapatse mpata kuti lizitha kuyenda ndi ayezi, kenako mulimange ndi chingwe chachitali ku mtengo wolimba kumtunda. Koma ngati malo anu ayang'anizana ndi nyanja yotseguka ine ndimati litulutseni basi, olo mwini wake adandaule za mtengo.

8. Fufuzani tinkhono ta zebra mussel

Doko likangotuluka yang'anani miyendo, matayala, mapazi a lifiti ndi pansi pa zoyandamitsa. Tinkhono timeneti ndi tating'ono ngati chikhadabo, ta mizeremizere, timamatirira pa chitsulo ndipo timacheka ngati lezala, nde magolovesi asachoke. Tikadali tiana simutiona bwino, mumangomva paipi ikukhakhala ngati sandipepa. Si ta kuno, tinapezeka ku Lake St. Clair, pakati pa Michigan ndi Ontario, mu 1988 titabwera ndi sitima zikuluzikulu ndipo ku Lake Minnetonka, kuno ku Minnesota, tinapezeka mu 2010. Mukatipeza pa nyanja yomwe siinalembedwe kuti ili nato, jambulani, sungani kamodzi ndipo muuze a DNR, nthambi ya boma yoona zachilengedwe.

Lamulo la Minnesota likuti doko kapena lifiti yochoka m'nyanja ina iume masiku 21 isanalowe m'nyanja ina. Komanso ngati mukugwira ntchitoyi kuti akulipireni, bizinesiyo imafunika chilolezo cha DNR ndipo antchito ake amachita maphunziro a pa intaneti a za zamoyo zowononga nyanjazi. Abale, musanavomere ganyu funsani za pepala limeneli. Ku Wisconsin, Michigan kapena Ontario malamulo ndi awo, afunseni a komweko.

9. Kusunga

Doko lipite kumtunda kupitirira pomwe madzi amafika akadzaza, ndipo muonjezeko mtunda chifukwa ayezi amakwera gombe. Mukaona kamzere ka dothi ndi miyala kotukuka m'mphepete mwa nyanja, ameneyo ndi ayezi wa zaka zam'mbuyo, doko likhale kuseri kwake. Likhazikeni pa mabuloko lisagunde dothi. Sanjani kuti chigawo 1 chikhale pamwamba kapena kutsogolo poti ndi chomwe chidzayambe kulowa. Matabwa akhale mopendekera pang'ono ndipo pakati pawo pazipita mpweya, musawakulunge ndi pulasitiki mpaka pansi, amaola. Zikani timitengo tonyezimira kuzungulira muluwo chifukwa sinowo akakwirira, oyendetsa snowmobile, tinjinga tamoto toyenda pa sinowo, usiku sangauone. Ndowa ya mabawuti ikhale mu shedi, ndipo mwini nyumba adziwe pomwe ili.

10. Doko losachotseka

Madoko ena ndi okhomeredwa pa mizati ndipo satuluka. Amenewo ena amawateteza ndi makina otakasa madzi kapena otulutsa thovu kuti pozungulira mizati pasaundane. Musangogula n'kulumikiza, ku Minnesota makina otere pa nyanja za boma amafuna chilolezo cha DNR ndi zikwangwani zochenjeza za ayezi wopyapyala, chifukwa anthu amayenda pa nyanja nthawi yozizira, ena ndi ana, ena ndi agalu, ndipo bowo lomwe mwatsegula usiku silioneka.

GAWO LACHIWIRI: KUBWEZERA DOKO

1. Dikirani ayezi achoke yense

Kum'mwera kwa Minnesota nthawi zambiri ndi mu Epulo, kumpoto zimatha kufika mu Meyi. Eni nyumba amakakamiza chifukwa nyengo yowedza imatsegulidwa chapakati pa Meyi ndipo kumapeto kwa mweziwo kuli holide ya Memorial Day, aliyense akufuna doko lake liyambe. Koma ngati pakati pa nyanja pakuyandamabe chigamba cha ayezi, olo pa gombe lanu pali poyera, musaike. Mphepo ikangotembenuka chigamba chija chimabwera ngati buludoza. Kumbukiraninso kuti madzi a nthawi iyi amakhala pa madigiri 4 a Celsius kapena kupitirira pang'ono, ozizira kuposa a mu Okutobala, dzuwa lisakunamizeni. Muzisinthana kulowa m'madzi, ndipo wina akayamba kunjenjemera kapena kugwetsa zida atuluke akafunde.

2. Konzani zonse likadali kumtunda

Masiku odikirawo ndi a ntchito iyi. Yang'anani mowotcherera ngati muli ming'alu, makamaka m'makona ndi pa mabulaketi a miyendo. Thabwa lililonse libayeni ndi sikuludiraiva, ikalowa mosavuta ndiye kuti laola, sinthani. Misomali ndi masikuluwu otukuka akonzedwe, anthu amayenda osavala nsapato pamenepa. Ngati mukupaka penti kapena mafuta a matabwa pakirani kumtunda kutali ndi madzi ndipo ziume. Mabawuti onse apakidwe anti-seize, makamaka a stainless olowa mu aluminiyamu, popanda zimenezo amagwirana moti mu Okutobala mudzachita kudula. Waya wa lifiti muuyendetse ndi kansanza, kakakodwa penapake ndiye kuti timawaya tayamba kuduka, gulani wina, musayerekeze kupachikapo boti. Zoyandamitsa zigwedezeni, mukamva madzi mkati zabooka.

3. Yenderani gombe ndi pansi pa nyanja

Valani ma waders muyende njira yonse yomwe doko lidutse. Ayezi amasuntha miyala, amakumba pena n'kuunjika mchenga pena. Onaninso madzi afika pati poyerekeza ndi kachikhomo kanu, chifukwa sinowo akasungunuka madzi amakhala okwera ndipo amatsika chilimwe chikamapita. Timizere munalemba pa miyendo tija ndi poyambira chabe, mutha kukweza pang'ono kuti mafunde azidutsa pansi osamenya matabwa.

4. Ikani kuchokera kumtunda kupita kunyanja

Chigawo 1 ndi chomwe chimalamula zonse. Chikhale pa chikhomo chake, chiloze komwe chithunzi chikusonyeza, ndipo levulo ivomereze mbali zonse ziwiri, m'litali ndi m'lifupi. Mukachilakwitsa ndi chala chimodzi kumapeto kwa doko mudzapeza mwakhota kwambiri ndipo lifiti siikwananso malo ake. Ine ndimakonda kuzika paipi imodzi kutsogolo n'kukokapo chingwe kuchokera kumtunda kuti tizitsata. Chigawo chilichonse lumikizani, tsitsani miyendo, pondani kuti phazi likhazikike pansi, ikani levulo, kenako mangani. Musamange mopitirira muyezo, bawuti imatha kuboola kapena kuphwanya paipi ya aluminiyamu. Pansi pakakhala pa matope ofewa ikani mapazi otambalala. Matabwa abwere felemu ikakhazikika ndipo atsekedwe ndi zogwirira zake, thabwa longoyalidwa limapita ndi mkuntho woyamba.

5. Lifiti, kenako magetsi

Ikani lifiti pa mtunda munayeza uja, ikhale levulo, ndipo muikweze ndi kuitsitsa kangapo yopanda kanthu musanaikepo boti. Magetsi abwere pomaliza aliyense atatuluka m'madzi. Soketi ya pa doko iyenera kukhala ya GFCI, ija ya mabatani awiri, dinani la test magetsi athime, dinani la reset abwerere. Ikapanda kuthima musaigwiritse ntchito. Waya wotafunidwa ndi mbewa kapena wong'aluka si womata ndi tepi, itanani wamagetsi wa mapepala.

6. Bwereraninso pakatha sabata

Miyendo imamira pang'ono anthu akayamba kuyendapo, nde pakatha sabata kapena pakadutsa mphepo yamphamvu bwerani ndi levulo ndi sipanala, muyende doko lonse mukugwedeza ndi phazi, pomwe pakulira mumange.

Zomwe anthu amalakwitsa kawirikawiri

Choyamba ndi kupita wekha. Munthu amati ndingochotsa zigawo ziwiri zokha anzanga asanafike, ndipo ndi nthawi imeneyo phazi limakodwa m'matope kapena chigawo chimamugwera. Ngati anzanu achedwa khalani m'galimoto muwadikire.

Ena amatulutsa matabwa okha n'kusiya miyendo m'madzi kuti mu Epulo ntchito idzachepe. Ayezi amagwira paipi n'kuizula kapena kuipinda, ndipo yomwe yatsala ili chilili ndi ngozi kwa oyenda pa ayezi.

Kumanga doko loyandama ndi zingwe zokungika nakonso ndi kulakwitsa, china chake chiyenera kuduka, kaya chingwe, kaya ngodya ya doko.

Kusakaniza mabawuti m'chitini chimodzi, kusunga doko m'mphepete mwenimweni mwa madzi poti kulikweza kumtunda kukutopetsa, kupinda lona yonyowa, kusiya batire panja, zonsezi zimaoneka zazing'ono mu Okutobala munthu atatopa.

Kugula doko kapena lifiti yakale pa Facebook Marketplace n'kuiponya m'nyanja yanu mawa lake osadikira masiku 21 aja, uku ndi kuphwanya lamulo komanso mutha kubweretsa tinkhono tija pa nyanja yomwe inalibe, ndipo tikalowa kutichotsa ndi kovuta kwambiri.

Ndipo pali kuyenda pa ayezi kukaona doko lomwe linatsala m'madzi. A DNR amati ayezi watsopano woonekera mkati ngati galasi akhale wokhuthala mainchesi 4, kapena kuti masentimita 10, munthu asanapondepo, koma muyezo umenewo sugwira ntchito pafupi ndi mizati ya doko, pomwe pali makina otakasa madzi, kapena pa ayezi wa kumapeto kwa nyengo amene wayamba kuda ndi kufumbutuka. Ngati mwaona kuti chingwe chaduka kapena doko lapendekeka mu Malichi, lijambuleni muli kumtunda, muuze mwini wake, ndipo mudzalikonze madzi akatseguka.